Nyimbo pa mafizo a wodwala sitiroko: liwiro lake, muyezo wake ndi pamene zimalakwika

Pali chinthu chimene chimazunguza mitu ya mabanja ambiri osamalira wodwala sitiroko. Munthu amene akulephera ngakhale kupempha madzi akumwa, amayi a mpingo akabwera kudzamuzonda n'kuyambitsa nyimbo imene wakhala akuimba kuyambira ali mwana, amalowa nawo m'nyimbomo, mawu n'kumamveka bwinobwino mpaka ndime kutha. Nyimbo ikangotha, mukamufunsa dzina la mdzukulu wake, pakamwa patsekekanso. Ena amati wachira, ena amati amangochitira dala kusayankhula. Zonsezi si zoona. Nyimbo yoloweza pamtima ubongo umaitulutsa yathunthu, mawu ndi maimbidwe zitamatirirana, ndipo mbali zonse ziwiri za ubongo zimathandizana pa ntchitoyi. Kupanga chiganizo chatsopano kuti uyankhe funso ndi ntchito ina, imene mwa anthu ambiri imadalira kwambiri mbali yakumanzere, ndipo kawirikawiri ndi imeneyo imene yavulala.

Zimenezi zinalembedwapo kale ku Sweden m'zaka za m'ma 1700, za munthu amene ankangotha kunena mawu amodzi ovomera koma nyimbo za kutchalitchi ankaimba. Kuzisandutsa njira yothandizira odwala kwachitika posachedwapa, kuyambira m'ma 1970. Ndipo chimene chaoneka n'chakuti nyimbo payokha si mankhwala. Imathandiza ikapatsidwa ntchito imodzi yodziwika, kaya kuyenda, kuyankhula kapena kutambasula dzanja, pa liwiro loyezedwa, mobwerezabwereza kwa masabata ambiri. Kwaya kubwera Lamlungu madzulo n'kwabwino ndipo kumalimbitsa mtima, koma sikungalowe m'malo mwa mphindi 30 za mafizo a tsiku ndi tsiku.

Sitiroko imachitika magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo. Mwa odwala 100, pafupifupi 85 amakhala kuti mtsempha watsekeka, otsalawo mtsempha waphulika. Ubongo ukavulala kumanzere, ziwalo zimafooka kumanja, ndipo nthawi zambiri mawu amavutanso. Gwero lalikulu ndi BP, osati hamala ya amfiti monga amanenera kumudzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ku Malawi kuno ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Nkhope ikapotoka mbali imodzi, dzanja likagwa, mawu akasokonekera mwadzidzidzi, thamangani naye kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu tsiku lomwelo. Zonse zimene zili pansipa ndi za pambuyo pake, adokotala atanena kuti wodwala wakhazikika ndipo a mafizo atamuona. Kumuimika ndi kumuyendetsa mwamphamvu m'maola 24 oyamba kunapezeka kuti kumawononga m'malo mothandiza.

Mbali ya ubongo imene yafa sidzukanso, koma mbali zoyandikana nayo zimaphunzira kutenga ntchito zake, makamaka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira. Kuphunzirako kumafuna kubwereza chinthu chimodzimodzi kambirimbiri, ndipo apa ndi pamene nyimbo ili ndi mphamvu ziwiri. Yoyamba, khutu ndi mbali za ubongo zoyendetsa minofu n'zolumikizana kwambiri. Munthu akamva kugunda kosasinthasintha, ubongo umadziwiratu pamene kugunda kotsatira kufike n'kukonzekeretsa minofu nthawi isanakwane. N'chifukwa chake amayi awiri amasinja mumtondo umodzi misi osawombana. Yachiwiri ndi yapafupi: kukweza dzanja maulendo 180 munthu akuwerenga n'kotopetsa, koma nyimbo ya mphindi zitatu yogunda kamodzi pa sekondi imamuchititsa maulendo 180 omwewo asanaganize zotopa.

Kuyenda motsatira kugunda

Apa ndi pamene umboni uli wolimba kuposa pena paliponse. Njirayi anaikonza Michael Thaut ndi anzake ku Colorado State University ku America m'ma 1990. Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene limaunika mafukufuku a zaumoyo, linasonkhanitsa mafukufuku 29 okhudza nyimbo, a anthu 775 ovulala ubongo, ambiri a iwo a sitiroko, n'kupeza kuti ophunzira kuyenda motsatira kugunda ankapitirira anzawo ndi mamita pafupifupi 11 pa mphindi. Mafukufuku ambiri anali a anthu ochepa, choncho si nambala yolumbirira, koma ambiri ankaloza mbali imodzi.

Vuto la wodwala sitiroko poyenda si kuchedwa kokha. Mvetserani mapazi ake pa simenti. Sakhulupirira mwendo wofookawo, ndiye amangoupondera pang'ono n'kuthawira msanga ku mwendo wamphamvu, n'kuimapo nthawi yaitali. Phokoso lake limakhala kuponda kuwiri kothamanga, kenako zii, kuwirinso kothamanga. Kugunda kofanana kumamukakamiza kupatsa miyendo yonse nthawi yofanana, ndiye kuti mwendo wofooka uyamba kunyamula thupi. Cholinga choyamba ndi chimenechi. Liwiro libwera pambuyo.

Musanayambe, yesani ngati akukumva kugundako. Mukhazikeni pampando, inu muziomba m'manja mofanana, iye azimenya pabondo ndi dzanja lake lamphamvu. Ngati patapita masekondi 20 akugwirizana nanu, pitirizani. Odwala ena, makamaka amene avulala ubongo kumanja, sitiroko imawasokonezera kamvedwe ka nyimbo, moti nyimbo imene ankaikonda imangomveka ngati phokoso. Woteroyo musamukakamize. Yesaninso pakapita masabata awiri kapena atatu, chifukwa mwa ena vutoli limachepa.

Kenako yezani. Sankhani malo athyathyathya osesedwa bwino otalika mamita 10. Wodwala ayende mmene amayendera masiku onse, ndi ndodo yake ngati ali nayo, popanda nyimbo. Wina agwire wotchi, wina awerenge kuponda kulikonse, kwa miyendo yonse iwiri, kwa masekondi 30. Chitani katatu, akupuma pakati, n'kutenga nambala yapakati. Tinene kuti mwapeza 34. Ndiye kuti pa mphindi akuponda maulendo 68. Munthu wabwinobwino amaponda pakati pa 100 ndi 120, koma nambala imeneyo iiwaleni kaye. Yanu ndi 68.

Pafoni yamakono ikanipo pulogalamu yaulere yotchedwa metronome, imene imagunda pa liwiro lililonse limene mwaiuza, ndipo ikalowa m'foni simafunanso bandulo. Ikani pa 68. Wodwala ayambe wamvera ataima, akusuntha thupi kumanzere ndi kumanja motsatira kugunda kwa theka la mphindi, kenako ayende mphindi ziwiri kapena zitatu, chidendene chikugwa pansi pamodzi ndi kugunda. Akapuma, ngati anagwirizana nako bwino, onjezani 5 peresenti, kufika 71. Zikayenda, 75. Musapitirire 10 peresenti tsiku limodzi. Siyani kukweza mukangoona chimodzi mwa izi: zala za phazi lofooka zayamba kukwekwereza pansi, masitepe afupika kuti apezane ndi kugunda, akuponya mwendo mozungulira kunja m'malo moupinda pabondo, kapena mkono wofooka wadzipinda n'kukwera pachifuwa. Bwererani pa nambala imene anayenda bwino. Mphindi ziwiri zomaliza zimitsani foni, ayende akusunga kugundako m'mutu kapena akung'ung'udza. Gawo lomalizali anthu amakonda kulidumpha, koma ndi limene limachititsa kuti adzayende bwino popita kuchigayo kopanda foni.

M'kafukufuku wa Thaut odwala ankachita mphindi 30 kawiri pa tsiku. Pakhomo yambani ndi mphindi 10 mpaka 15 kuphatikizapo kupuma, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Lolemba lililonse yezaninso popanda nyimbo, nambala yatsopanoyo ikhale poyambira.

Kugunda kwa metronome kumatopetsa khutu, ndipo anthu ambiri amayenda bwino ndi nyimbo yeniyeni. Vuto ndi kusankha. Yezani nyimboyo monga munayezera mapazi: ombani m'manja motsatira, werengani kwa masekondi 30, chulukitsani kawiri. Nyimbo ya 140 ingagwire ntchito kwa woyenda pa 70 ngati akuponda pa kugunda kumodzi n'kudumpha kumodzi. Zabwino kwambiri ndi nyimbo zimene kwaya imalowera m'tchalitchi ikuyenda pamzere, chifukwa zinapangidwira mapazi. Nyimbo za m'buku zoimba mpingo wonse zili ndi vuto lakuti anthu amakoka mawu kumapeto kwa mzere uliwonse, ndiye wodwala amatsala mwendo uli m'mwamba kudikira mzere wotsatira. Ng'oma za gule wamkulu, ngakhale wodwala atazikonda motani, si zoyendera. Zimalukana zingapo nthawi imodzi, ndipo mbalule, ng'oma yotsogolera, imatsatira mapazi a wovina m'malo moti wovina aitsatire. Kwa Angoni a ku Ntcheu nyimbo za ngoma zili ndi kugunda komveka bwino, koma tengani nyimbo yokha, kuponda kwamphamvu kuja kusiyeni.

Popanda foni, wina aziomba m'manja kapena kumenya sipuni pa poto. Apa pali msampha. Woombayo amayamba kuthamanga osadziwa, kapena chifukwa cha chifundo amayamba kudikira phazi la wodwala kuti aombe likagwa. Akatero ndiye kuti kugunda kukutsatira phazi, kutsimphina kuja kwalowa m'nyimbo, ndipo palibe chimene chikuphunziridwa. Woomba asayang'ane mapazi. Ayang'ane wotchi yapakhoma, imene muvi wake wa masekondi umagunda maulendo 60 pa mphindi, liwiro loyenera odwala ambiri ongoyamba kumene.

Za chitetezo sizifuna kunyengerera. Wothandiza aime mbali yofooka, kumbuyo pang'ono, atagwira chitenje chomangidwa zolimba m'chiuno mwa wodwala. Asamugwire mkono wofooka, ngakhale pomudzutsa pampando. Minofu yogwira phewa imakhala yalefuka, ndipo kukoka kumagwejula phewa n'kusiya ululu wa miyezi. Avale nsapato zotseka kumbuyo, osati patapata. Zomvera m'khutu ayi, ayenera kumva womuthandiza. Musamuyankhulitse akuyenda, ubongo wake sungathe ntchito ziwiri. Kuzizira kwa June ndi July ku Dedza, ku Bembeke, ku Lizulu kapena ku Tsangano kumaumitsa minofu ya mbali yofooka, choncho dikirani dzuwa la cha m'ma 10 koloko, atavala zofunda. Nthawi ya dzinja bwalo limaterera, pemphani khonde la tchalitchi kapena la sukulu masana, bola pasakhale popolishidwa. Zitunda n'zotsetsereka za kwathu kuno zibwere pomaliza, ndipo potsika musaike nyimbo. Ngati muli ndi makina a BP ndipo akuonetsa kupitirira 180/110 asanayambe, tsiku limenelo ndi la kuchipatala, osati la mafizo. Chizungulire, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena mutu waukulu wadzidzidzi, imani pomwepo.

Amene sanayambe kuima angathe kuyambira pampando: kukweza zidendene mosinthanasinthana pa kugunda kwa 50 mpaka 60, kenako kudzuka ndi kukhala mowerenga kugunda kunayi podzuka ndi kunayi pokhala, mapazi onse atapondera mofanana.

Kuimba kuti mawu abwerere

Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amavutika ndi chiyankhulo, koma mavutowo si amodzi, ndipo njira yoimbayi ndi ya gulu limodzi lokha. Anailemba mu 1973 Martin Albert, Robert Sparks ndi Nancy Helm ku Boston, n'kuitcha Melodic Intonation Therapy. Imayenera wodwala amene akumva zimene mukunena (mukati "Tsekani maso" kapena "Lozani chitseko" amachita), akudziwa chimene akufuna kunena, koma mawu akukana kutuluka kapena akutuluka amodziamodzi movutikira, ndipo amakhumudwa poona kuti walephera. Pali gulu lina limene limayankhula mothamanga mawu ambirimbiri osamveka, osazindikira kuti sakumveka, ndipo zimene mukunena silikuzimva bwino. Amenewa njirayi siiwathandiza.

Chachikulu n'chakuti simuphunzitsa nyimbo. Mumatenga mawu ofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku n'kuwaimba pa maliwu awiri okha, lokwera pang'ono ndi lotsika pang'ono, phatikizo limodzi pa sekondi. Chichewa mwachibadwa chimakwera ndi kutsika, choncho musapeke maimbidwe. Nenani chiganizocho pang'onopang'ono, mverani pamene liwu likukwera, ndiye kokani pomwepo. Musaike mawuwo pa maimbidwe a nyimbo yodziwika. Mukatero, pofika pakati wodwala amalumphira ku mawu akale a nyimboyo, chifukwa njira imeneyo ndi yopondeka kale.

Khalani moyang'anizana, wailesi itazimitsidwa, ana atatuluka. Gwirani dzanja lake lamanzere ndipo pa phatikizo lililonse ligunditseni pang'ono patebulo kapena pabondo. Ndi lamanzere chifukwa ndilo limayendetsedwa ndi mbali yakumanja ya ubongo, imene sinavulale. Titenge chiganizo chakuti "Ndikufuna madzi", maphatikizo asanu ndi limodzi, kugunda kasanu ndi kamodzi. Muonetseni kapu ya madzi. Ng'ung'udzani maimbidwewo kawiri osatchula mawu, mukugunditsa dzanja, iye akungomvera. Imbani ndi mawu kawiri. Kenako muimbire limodzi, ndi-ku-fu-na-ma-dzi, maulendo anayi kapena asanu. Akagwira, yambani limodzi koma inu muzitsitsa liwu pofika pakati kuti "madzi" amalize yekha, dzanja likugundabe, ndipo milomo yanu isamuuzire. Gawo lotsatira, inu imbani nokha, iye abwereze yekha nthawi yomweyo. Pomaliza mufunseni moimba momwemo, "Agogo, mukufuna chiyani?" iye ayankhe. Akakakamira, mupatseni phatikizo loyamba lokha, "ndi", n'kudikira.

Yambani ndi mawu afupiafupi: madzi, zikomo, dzina lake, maina a ana. Kenako "Ndadzuka bwino", "Mutu ukupweteka", "Ndikufuna kuchimbudzi", "Ndazizidwa". Ziganizo 8 mpaka 10 pa nthawi imodzi n'zokwanira. Akamapambana 9 mwa 10 kwa masiku angapo motsatizana, onjezani kuvuta: dikirani masekondi 5 kapena 6 asanabwereze, talikitsani ziganizo, kenako chepetsani kuimba mpaka kukhale kuyankhula kokoka, pomaliza kuyankhula wamba. Kugunditsa dzanja kuchoke pamapeto penipeni.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kukakamira mawu amodzi. Mwamaliza "madzi", mwapita pa "zikomo", koma iye akungotulutsabe "madzi". Si mwano, ubongo walephera kusiya zimene unagwira. Musabwereze mokweza mawu. Khalani chete kwa theka la mphindi, musinthe zochita, ndipo ziganizo zoyamba mofanana, monga ziwiri zoyamba ndi "ndikufuna", musazitsatanitse. Chiganizo chikakanika kanayi, chisiyeni mpaka mawa. Vuto lina ndi achibale omalizira mawu wodwala asanamalize kulimbana nawo, kapena omuyankhula ngati khanda. Munthuyu nzeru zake zilipo. Ndi bambo kapena mayi wa pakhomo, mwina ndi nyakwawa kapena mkulu wa mpingo, ndipo mdzukulu amene akumuphunzitsa asasiye ulemu chifukwa choti wagwira udindo wa mphunzitsi. Wodwala akaona kuti akusekedwa kapena akuonetsedwa kwa alendo kuti "taimbani amve", amatseka pakamwa, ndipo kumutsegulanso n'kovuta.

Tinene mosabisa za zotsatira. Ziganizo zimene mwaphunzitsa zimabwera ndithu mwa odwala oyenera. Kufalikira kwake ku macheza wamba kumakhala kochepa, ndipo kumafuna maola ochuluka. Gottfried Schlaug ku Boston ankapatsa odwala magawo 75 a ola limodzi ndi theka. Ndiye sankhani ziganizo zimene zidzamupulumutse usiku akafuna thandizo, osati zongosangalatsa omvera. Pakhomo mphindi 20 mpaka 30 kawiri pa tsiku, m'mawa atapuma bwino ndi madzulo, zimaposa ola lathunthu la munthu wotopa.

Palinso odwala amene mawu ali nawo onse koma lilime ndi milomo zalemera, ndiye amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa ndipo mpweya umawathera pakati pa chiganizo. Amenewa nyimbo zodziwika zimawathandiza mwachindunji. Akhale mowongoka, akoke mpweya, agwire liwu limodzi la "aaa" inu mukuwerenga masekondi, kenako aimbe mzere umodzi pa mpweya umodzi, pang'onopang'ono, akutsegula pakamwa mopitiriza muyezo. Koma kuimba bwino si umboni woti akumeza bwino. Ngati akutsamwa, kutsokomola pomwa madzi, kapena liwu likumveka lonyowa akangomeza, auzeni achipatala, chifukwa chakudya cholowa m'mapapo chimabweretsa chibayo chimene chimapha odwala sitiroko ambiri. Ndipo musamuimbitse ali ndi chakudya m'kamwa.

Dzanja ndi mkono

Ku Germany, Sabine Schneider ndi Eckart Altenmüller anaphunzitsa odwala kumenya ng'oma zamagetsi ndi kiyibodi, magawo 15 a mphindi 30 m'masabata atatu, ndipo dzanja linayamba kuyenda mwachangu ndi molunjika kuposa la ongochita mafizo wamba. Chinsinsi chake n'chakuti chida chimayankha. Ukamenya mofooka kapena mophonya, khutu limakuuza nthawi yomweyo. Njirayi imafuna dzanja limene layamba kale kusuntha, ngakhale pang'ono. Dzanja lolendewera losasuntha n'komwe silikakamizidwa ndi ng'oma. Limafuna kuikidwa pa pilo, kutambasulidwa mofatsa monga a mafizo akuonetsereni, ndi kuthandizidwa ndi dzanja linzake, zala zitalukana, pomenya.

Zida zilipo pakhomo. Ndowa yapulasitiki yovundikira ndi ng'oma. Botolo laling'ono loikamo njere za chimanga zodzaza dzanja limodzi ndi maseche, ndipo ngati zala sizikugwira, kulungani kansalu pa botolo kuti likule kapena limangirireni m'dzanja ndi mpango. Wodwala akhale pampando wokhala ndi chotsamira, mapazi pansi, ndowa pafupi ndi bondo. Amenye ndi chikhatho pa 40 mpaka 60 pa mphindi, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, apume mphindi imodzi. Akazolowera, sunthani ndowa patsogolo pang'ono kuti chigongono chitambasuke, kenako ikani ndowa ziwiri zotalikirana masentimita 30 azimenya mosinthanitsa, kenako kwezani imodzi pa kampando. Zala zimabwera pomaliza, ndipo apa kiyibodi ya kutchalitchi, mukaipempha pakati pa sabata, ndi chida chabwino: chala chimodzi pa batani limodzi, kenako mabatani atatu motsatizana.

Yang'anitsitsani thupi, osati dzanja lokha. Wodwala amaphunzira msanga kubera: amaweramitsa thupi lonse kapena kukweza phewa mpaka kukhutu kuti dzanja lifike, chigongono chili chopindika. Ng'oma ilira ndithu koma mkono sunaphunzire kanthu. Ikani dzanja lanu pachifuwa pake mopepuka kuti msana usachoke pa chotsamira, ndipo ngati sakufika popanda kuwerama, ndowa yatalika, ibwezeni. Nyimbo yothamanga imalimbitsa minofu youma kale, zala n'kufumbata. Zikatero tsitsani liwiro. Ululu wobaya paphewa ndi chizindikiro chosiyira, osati chopirira. Kwa odwala ofooka kumanzere amene amaiwala mbali imeneyo, moti amadya nsima ya mbali imodzi ya mbale n'kumagunda chitseko ndi phewa lamanzere, ikani ndowa zinayi pamzere azimenya kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nyimbo imene sinathe imamukoka kufunafuna ndowa yomaliza.

Kungomvera

Iyi ndiye njira yosavuta kwambiri ndipo ingayambe wodwala akadali pabedi. Mu 2008 Teppo Särkämö ndi anzake ku Helsinki, ku Finland, anafalitsa zotsatira za odwala 60 amene anawagawa patatu. Ena ankamvera nyimbo zodzisankhira okha ola limodzi kapena kupitirira tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, ena ankamvera nkhani zowerengedwa, ena sanapatsidwe chomvera. A nyimbo aja anapita patsogolo kwambiri pa kukumbukira mawu ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo anali osakhumudwa ndi osasokonezeka kwambiri. Kafukufuku wotsatira wa gulu lomwelo anaonetsa kuti nyimbo zokhala ndi mawu zimaposa za zida zokhazokha.

Mawu ofunika apa ndi "zodzisankhira okha". Wailesi yolira tsiku lonse m'chipinda, kusakaniza mpira, mauthenga a maliro ndi nyimbo za achinyamata, imangotopetsa ubongo wovulala. Funsani wodwala, kapena ngati sakuyankhula muimbireni pang'ono n'kuona nkhope yake, ndipo lembani nyimbo 20 kapena 30 zimene ankazikonda, makamaka za paunyamata wake. Anyamata oika nyimbo m'mafoni pa Dedza boma, pa Linthipe kapena pa Ntcheu angakuikireni pa memory card yolowa m'kawailesi. Gawani ola lija pawiri, mphindi 30 m'mawa, 30 madzulo, phokoso lapakatikati, kenako chete.

Alendo obwera kudzaimba auzidwe mwaulemu kuti nyimbo zimene zimaimbidwa pamaliro azisiye. Amazisankha ndi mtima wabwino, koma wodwala wogona pamphasa amene sangathe kuyankha amamva ngati akumutsanzika. Akhale ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi, kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo aimbe naye, osati kungomuimbira. Akalira, musafulumire kuzimitsa. Ena sitiroko imawasiyira kulira kapena kuseka kobwera kokha popanda chisoni chenicheni, ndipo kumatha m'mphindi zochepa. Mufunseni, "Amayi, tisiye kapena tipitirize?" n'kulemekeza yankho lake, ngakhale litakhala la mutu wokha. Koma ngati kwa masabata awiri akukana chakudya, sakugona, sakufuna mafizo kapena akusonyeza kuti bola kufa, amenewo ndi matenda a kukhumudwa, amene amagwira pafupifupi mmodzi mwa atatu a odwala sitiroko. Nyimbo yokha siingawathetse, amafuna achipatala.

Zonsezi siziyenera kuchitika tsiku limodzi. Kutopa kwa sitiroko n'kwakukulu kuposa mmene amaganizira osamalira. Sankhani ndi a mafizo vuto limodzi kapena awiri oyamba nawo, ndipo mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV apitirire monga mwa nthawi zonse, chifukwa amene wadwalapo sitiroko ali pa chiopsezo chodwalanso. Aspirin asamwe popanda adokotala kunena, popeza kwa amene mtsempha unaphulika amawonjezera kutaya magazi.

Sungani kope la sukulu. Sabata iliyonse lembani kuponda kwa pa mphindi popanda nyimbo, masekondi amene watenga pa mamita 10, ziganizo zimene wanena yekha mwa 10, ndi mtunda wa ndowa kuchokera pabondo. Kopeli mupite nalo kwa a mafizo tsiku lokaonedwanso kuchipatala, ndipo muwaonetse mmene mukuchitira kuti akonze pamene mukulakwitsa. Manambala akaima malo amodzi kwa masabata atatu kapena anayi, kawirikawiri ndiye kuti ntchito yaphweka kwambiri kapena yachepa, ndipo pafunika kusintha liwiro, mtunda kapena ziganizo. Akatsika mwadzidzidzi, monga wa 75 kubwerera pa 55 m'masiku awiri, kapena mawu amene anabwera kusowanso, musawonjezere mafizo. Nthawi zambiri pamakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wosokonekera kapena sitiroko ina yaing'ono, ndipo ayenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo.